Chigaza cha Cubone ndi nkhope ya Simoni

Pa 27 February 1996, kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan magemu awiri a pa kamakina ka Game Boy, Pokémon Red ndi Pokémon Green, omwe anapangidwa ndi kagulu kotchedwa Game Freak. Wosewera ankayendayenda m'tchire, kugwira zilombo, kuzilera ndi kuzimenyanitsa ndi za anzake. Zilombozo zinalipo 151. Lero zapitirira 1,000, ndipo mwana wa ku Chipangali amene sanagwirepo Game Boy amamudziwa Pikachu chifukwa cha makatuni a pafoni, zikwama za kusukulu ndi malaya a pasalaula.

Anthu ambiri akamayamikira magemuwa amatchula kukongola kwa zithunzi ndi kukoma kwa mpikisano. Koma china chimene chawasunga kwa zaka pafupifupi 30 ndi nkhani zimene osewera amadzipekera okha pa zilombozo, nkhani zomwe kampani sinalembepo. Zina n'zolukidwa mwanzeru, zina ndi nkhambakamwa chabe, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumaonetsa pamene pagona luso la mmisiri wopanga chilombo.

Chiyambi chake ndi kuchepa kwa malo. Game Boy inali ndi kagalasi kakang'ono koonetsa mitundu inayi yokha, kuchokera kowala kufika kwakuda, ndipo katiriji yake sinkanyamula zambiri. Satoshi Tajiri, amene anayambitsa ganizoli pokumbukira mmene ankagwirira zikumbu ali mwana ku Machida, pamodzi ndi wojambula wake Ken Sugimori, analibe mpata wolemba mbiri yaitali ya chilombo chilichonse. Chilichonse anachipatsa dzina, nambala, msinkhu, kulemera, kulira kwake ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu m'buku la mugemu lotchedwa Pokédex. Zotsalazo anazisiya osanena.

Cubone, nambala 104, ndi kanyama kofiirira kogwira fupa m'manja, kovala chigaza kumutu. Magemu amati chigazacho ndi cha mayi wake amene anamwalira, ndipo nkhope yake yeniyeni palibe anaionapo. Mu mzinda wa Lavender muli nsanja imene ndi manda a zilombo, ndipo mmenemo wosewera amakumana ndi mzukwa wa Marowak, mayi wa Cubone, amene anaphedwa ndi gulu la achifwamba la Team Rocket. Mfundo zake ndi zomwezi basi. Osewera anayang'anitsitsa n'kuona kuti Kangaskhan, nambala 115, amanyamula mwana m'thumba la pamimba, ndipo mwanayo thupi lake likufanana ndi la Cubone. Anangolumikiza: Kangaskhan akafa, wamasiye uja amatola chigaza cha mayi wake n'kukhala Cubone.

Nkhaniyi inagwira mitima chifukwa zonse zoimangira zili mugemu momwemo, ndipo aliyense atha kuika zithunzi ziwirizo pamodzi n'kudzionera. Ili ndi pofooka pake. Mu 1999, Pokémon Gold ndi Silver anabweretsa mazira, ndipo Cubone amaswa atavala kale chigaza, mayi wake ali moyo pambali pake. Koma amisiri a Game Freak sanathamangire kukonza kapena kutsutsa. Mu Pokémon Sun ndi Moon a 2016, Cubone akapanikizika pankhondo n'kuitana thandizo, nthawi zina amene amatulukira ndi Kangaskhan. Sanavomere, sanakane. Anangoponyapo nkhuni ina kuti moto usazime.

Ina yotchuka ndi ya khoswe wamkulu wotchedwa Raticate. Mnyamata amene amapikisana ndi wosewera, yemwe ambiri amamudziwa kuti Blue kapena Gary, amakhala ndi Raticate pamene awiriwa amenyanitsa zilombo mu sitima ya pamadzi ya S.S. Anne. Akadzakumananso, ali kumanda a ku Lavender, ndipo khoswe uja palibe. Saonekanso mpaka gemu kutha. Osewera anati khosweyo anavulala kwambiri m'sitima muja, anafa, ndipo mnyamatayo anabwera kumanda kudzaika maliro. Ikakhala yoona, ndiye kuti wosewera amene ankadziona ngati ngwazi ndi amene anapha chiweto cha mnzake, kenako n'kudzamuputanso pa tsiku la zovuta. Otsutsa amakumbutsa kuti mnyamatayo amadzitama pomwepo kuti wagwira Cubone, zomwe sizikumveka ngati za namfedwa. Mbali zonse zili ndi pogwira, ndiye mkangano sutha.

Pali inanso ya Ditto ndi Mew. Onse awiri amalemera makilogalamu 4, onse amatha kudzisandutsa chilombo china chilichonse, ndipo mu Pokémon Yellow, Ditto amapezeka m'nyumba yabwinja ya pachilumba cha Cinnabar, momwe muli zolemba za asayansi amene anapanga Mewtwo kuchokera kwa Mew. Osewera anagamula kuti Ditto ndi zolephereka za ntchito ya asayansiwo. Junichi Masuda wa ku Game Freak atafunsidwa ndi magazini ya Game Informer mu 2012, anayankha kuti mphekeserayo ankaimva koyamba. Ngakhale zili choncho, anthu sanaitaye.

Mew yemweyo ndi amene anaphunzitsa osewera kukayikira chilichonse. Shigeki Morimoto wa ku Game Freak anamulowetsa mugemu ntchito itatsala pang'ono kutha, pa kampata kamene kanatsala m'katiriji. Mbiri itawanda kuti muli chilombo chobisika, magazini ya CoroCoro inachititsa mpikisano mu 1996 wopereka Mew kwa ana 20, ndipo analembera anali pafupifupi 78,000. Kuyambira pamenepo kalikonse kosadziwika kanasanduka chizindikiro. Pafupi ndi doko la S.S. Anne panajambulidwa kalole kamodzi kopanda ntchito, ndipo ana a m'maiko ambiri anataya maola akuyesa kukakankha, poganiza kuti Mew ali pansi pake. Panalibe kanthu.

Kwa munthu wa m'midzi ya mafumu Chanje, Chinunda, Mkanda ndi Mafuta, kaonedwe aka si kachilendo. Chipangali inakhala boma palokha mu 2018 itapatulidwa ku Chipata, koma bwalo la gule wamkulu ndi lakale kwambiri kuposa malire a maboma ndi a maiko omwe. UNESCO inalengeza gule wamkulu wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, n'kuulemba m'kaundula wake mu 2008. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa August, zilombo za maiko atatuwa zimakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi.

Chilombo chikatuluka pabwalo sichifotokoza mbiri yake. Chimabwera ndi nkhope, mavalidwe, mayendedwe, ng'oma yake ndi nyimbo ya mawu ochepa imene amayi amavomera. Chadzunda amalowa ndi nkhope yakuda yamakwinya, akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, koma akayandikira Maliya mphamvu zimabwerera, fumbi kobo. Simoni ali ndi nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Ena amamuona ngati Simoni Petulo wa m'Baibulo, ena ngati bwana wa nthawi ya atsamunda, ena ngati mlendo aliyense wobwera ndi makhalidwe osadziwika pamudzi. Maliya naye ena amamulumikiza ndi amayi a Yesu, ena amaona mwa iye chitsanzo cha mkazi wodzilemekeza. Pobwerera kunyumba anthu amakhala akutsutsana kuti chilombo chakuti chimadzudzula yani, ndipo kawirikawiri dzina la munthu wa pamudzi pomwepo limanong'onedwa.

Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anayambitsa Kungoni Centre ku Mua, m'boma la Dedza, mu 1976, anasonkhanitsa nkhope za gule zoposa 400 mu Chamare Museum, ndipo mu 2012 anatulutsa buku lakuti When Animals Sing and Spirits Dance. Ntchito yake imaonetsa kuti zilombo zimabadwa, zimasintha tanthauzo, zina zimazimirira, ndiponso kuti pa nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda zina zinkanena za ndale mophiphiritsa, pamene pakamwa pa munthu wamba panali potseka. Wa ku Japan nayenso anafika kuno. Kenji Yoshida anachita kafukufuku wa Nyau pakati pa Achewa a kuno kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa National Museum of Ethnology ku Osaka.

Gule si gemu, ndipo kuziyeza pa sikelo imodzi kungakhale chipongwe. Gule ndi pemphero, ndi maliro, ndi chinamwali, ndipo zakuya zake zili ndi eni ake kudambwe. Pokémon ndi malonda a kampani. Pofanana ndi pa kapangidwe pokha: onse amapereka zizindikiro zochepa koma zolimba, n'kusiyira woonera kuti amalize yekha. Chigaza chimodzi ndi fupa limodzi zakwanira kubala nkhani ya umasiye. Nkhope yofiira ndi dzina la m'Baibulo zakwanira kunyamula mbiri ya amishoni ndi atsamunda.

Ndi muyeso umenewu, nkhani zina za osewera zimagwa. Yotchuka kwambiri mwa zofookazo imati Ash, mnyamata wa m'makatuni a Pokémon, anakomoka pa chigawo choyamba penipeni, ndipo zonse zotsatira ndi maloto a munthu ali chikomokere m'chipatala. Umboni wake akuti ndi woti Ash anakhala wa zaka 10 kuyambira 1997 mpaka pamene nkhani yake inatha mu 2023. Vuto lake n'lakuti maganizo amenewa angamatidwe pa nthano iliyonse. Munthu atha kunenanso kuti Kalulu ankalota pamene ankapusitsa Njovu, ndipo palibe chimene chingawonjezeke pa nthanoyo. Nkhani ya Raticate imamutuma munthu kubwerera kugemu kukayang'ananso. Ya chikomokere imafafaniza zonse n'kusiya womvera chimanjamanja.

Palinso mtundu wina, umene wosewera sakakamiza wina aliyense kuti aukhulupirire. Ndi mbiri ya mumtima imene amapatsa zilombo zake: ichi n'chamantha, ichi chimachitira nsanje chinzake, ichi chinandipulumutsa pa nkhondo yomaliza. Gemu imalola kutcha chilombo dzina, ndipo kuyambira mu 2002 chilichonse chimabadwa ndi limodzi mwa makhalidwe 25, monga kulimba mtima, manyazi kapena phuma. Mu 2010, Nick Franco wa ku America anafalitsa kaseweredwe kotchedwa Nuzlocke: m'dera lililonse ugwire chilombo choyamba kukumana nacho chokha, ndipo chikakomoka pankhondo uchitenge kuti chafa. Ambiri amawonjezapo lamulo loti chilichonse chitchedwe dzina. Pamakina sipasintha kanthu, koma akuluakulu a ndevu zawo amakhetsa misozi chifukwa cha kambalame ka pagalasi. Apa wosewera wasanduka wokamba nthano, monga ankachitira Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza M'madzulo pa wailesi ya Zambia, pamene mawu ake okha ankakwanira kuti womvera aone nkhope ndi mayendedwe a munthu amene sanajambulidwepo.

Magemu atsopano ali ndi malo ochuluka, ndipo apa ndi pamene luso lija limayesedwa. Pokémon Let's Go ya 2018 inabwereza nkhani ya ku Lavender ndi zithunzi zoyenda: Cubone akuthamangira mzimu wa mayi wake, mayiyo n'kuzimirira. N'zogwira mtima, koma gemu yamuuza kale woonera pamene ayenera kumva chisoni. Mu 1996 munali mawu ochepa, kanyimbo kozizira m'nkhongono ndi miyala ya pamanda, ndipo chisonicho wosewera ankachipeza yekha. Pa mfundo imeneyi, gemu yakale ya mitundu inayi ija ikuposa yatsopano.

Afrika naye magemuwa amamukhudza mwapatalipatali. Pokémon Go, ya pafoni, inatuluka mu July 2016 n'kufika ku Zambia ndi Malawi mu October chaka chomwecho, ndipo chilombo chimene chinaperekedwa ku chigawo chino cha dziko ndi Tropius, chokhala ndi mapiko a masamba ndi nthochi zolendewera pakhosi. N'chokongola, koma chikuonetsa mmene mlendo amaganizira za maiko otentha. Sichidziwa za fodya wa ku Chipangali, za njala ya mwezi wa February, kapena za mkamwini amene wakhalitsa pa chikamwini.

Zilombo zodziwa zimenezo zidzachokera kwa achinyamata a ku Chipata, Katete, Lundazi ndi Chipangali amene ayamba kujambula makatuni ndi kuphunzira kupanga magemu pa kompyuta. Zomangira ali nazo kale: Kalulu, Fisi, Fulu, Nadzikambe, Napolo wogumula mapiri, ndi zithunzi zakale za pamiyala ya ku Thandwe ndi ku Mkoma. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo wofuna kuzikhudza ayambe wagwada kwa mafumu. Pa zinazo, apatse chilombo chilichonse zizindikiro ziwiri kapena zitatu zosaiwalika, alembe mawu ochepa, ndipo osewera akadzabwera ndi nkhani zawo asathamangire kuwatsutsa.