Za Mabuluku Ong'ambika a Amiri

Tsiku lina la msika pa Namitete tinaona mnyamata amene tinamphunzitsa ife tomwe, alikuyenda monyadira, atabvala malaya akuda olembedwa AMIRI pacifuwa, ndi buluku wong'ambika m'maondo monse muwiri. Mai wina wogulitsa matimati anati, "Kalanga ine, mwanayu alibe mbale womsokera kodi?" Anthu anaseka, koma ife tinabwerera kwathu tirikulingalira, pakuti mnyamatayo sali wopusa, ndipo atate wace ali nazo ng'ombe ndi ngolo.

Dzinalo ndi la munthu, Mike Amiri, wa ku Los Angeles m'dziko la America. Iyeyu poyamba anasokera oyimba nyimbo za rock, monga Axl Rose ndi Steven Tyler, anthu a tsitsi lalitali ndi magitala aphokoso, ndipo m'caka ca 2014 anayamba malonda a zobvala m'dzina lace. Buluku wace womveka, wochedwa MX1, amng'amba dala m'maondo. Atatero aika kunsi kwa cibooco cigamba ca cikopa cofewa, cosokedwa mizeremizere. Mtengo wace upitirira madola 1,000, ndalama zogulira feteleza wa munda wonse wa fodya. Tsono za pa misika yathu siziri zenizenizo ai. Ndizo zofanizira, kapena za pa kaunjika zimene mwini wace wazicheka ndi lumo.

Nanga cokoka anyamata nciani? Ife tiyesa kuti nsanza yodzisankhira isiyana ndi nsanza ya usiwa. Amene tinakula ndi kabudula mmodzi tidziwa manyazi a kuimirira pa bolodi, dzanja limodzi likulemba, lina litagwira kumbuyo. Koma wobvala Amiri alankhula ndi maondo ace, kuti, Ndikhoza kugula wosang'ambika, koma sindiopa maso a munthu ali yense. Mau otere atsekemera kwa mnyamata amene kumudzi saloledwa kutsegula pakamwa pabwalo akulu alipo. Tisaiwalenso kuti m'dziko lino zobvala zinali pansi pa lamulo: kuyambira 1973 kufikira 1993 akazi analetsedwa mabuluku ndi madiresi aafupi, ndipo m'masiku omwewo mwamuna wa tsitsi lalitali anali kumetedwa mokakamiza. Nkhuku yokhalitsa m'cipwere ikaturuka imapalasa ponse ponse.

Ndiponso Acewa sitiri alendo pa zotere. Wa ku Kabudula kapena ku Nambuma adziwa kuti cirombo cobvala nsanza ndico cimene ana acithawa, nabweranso kudzacisuzumira (sitiyamika, tingonena cimene tonse tinaona). Coopsa cikakhala ndi luso, maso sacokapo.

Za msokedwe wace tiribe cotsutsa. Buluku ayamba kutha pa bondo, ndipo cikopa cija cilimbitsa pomwepo. Amai athu anasoka cigamba mocibisa. Uyu waciturutsa poyera naciyesa cokometsera, ndipo pamenepo wacita mwanzeru. Cimene citikhumudwitsa ndi cina. Anyamata a ku London amene m'zaka za 1976 ndi 1977 analumikiza nsanza zao ndi mapini anali kuonetsa mkwiyo wao pa kusowa nchito ndi pa akulu osamva. Lero mkwiyo womwewo uli pa malonda ku Rodeo Drive, mseu wa anthu acuma, kumene Amiri anatsegula sitolo m'caka ca 2020. Wogula kumeneko apandukira yani? Ndipo mnyamata wathu, pogula cofanizira, analandira dzina ndi ciboo cokha, wopanda cikopa konse.

M'mwezi wa June, kuzizira kutakula, tinakomana naye pa Mpingu. Zibooo zinali zitatsikira ku misongolo, ndipo iye anali atapereka bulukuyo kwa telala wa pakhonde, amene anaikamo zigamba za citenje cofiira, nazisoka mizeremizere monga mnyamatayo anamuonetsa pa foni. Tinayang'anitsitsa msokowo, ndipo unali wowongoka bwino. Telalayo anatiuza kuti anyamata ena atatu asiya kale mabuluku ao, ndi kuti mtengo wa cigamba waukweza.