Kachidutswa ka Gumbwa ndi Udindo wa Mkonzi

Pa 18 Sepitembala 2012, pa msonkhano wa akatswiri a Chikoputiki ku Rome, Mai Karen King a ku Harvard Divinity School adalengeza za kachidutswa ka gumbwa ka masentimita 8 m'litali ndi 4 m'lifupi. Pa mzere wake wina pali mau oonetsa ngati Yesu akutchula mkazi wake. Mai King adanena poyera kuti kachidutswako si umboni wakuti Ambuye adakwatira, komabe adakapatsa dzina lakuti Mthenga wa Mkazi wa Yesu, ndipo dzinalo lidafalikira m'manyuzipepala a dziko lonse. Lero pafupifupi akatswiri onse akuvomereza kuti kadalembedwa ndi wonyenga wa masiku athu ano. Tsono ife sitikamba za ukwati wa Yesu. Tifuna kuunika m'mene magazini ya Harvard Theological Review, imene idayamba mu 1908, idasenzera udindo wake pa nkhaniyi.

Magazini ya akatswiri timaikhulupirira chifukwa cha lonjezo limodzi. Nkhani isanasindikizidwe, mkonzi amaitumiza kwa akatswiri ena osakhudzidwa nayo, kuti aiyese ngati ili ndi maziko. Mseminale woŵerenga za Chikoputiki, chinenero chimene sachidziŵa, sangathe kuyesa yekha zilembo za pa gumbwa. Amadalira kuti ena adamuyesera. Choncho dzina la magazini pa chikuto ndi umboni, ndipo mkonzi ndi mboni.

Tiyambe ndi zimene akonzi a ku Harvard adachita bwino. Nkhani ya Mai King inayenera kutuluka mu Januwale 2013, koma anthu atayamba kukayika adaiimika mpaka Epulo 2014. Poitulutsa adasindikiza pamodzi zotsatira za asayansi, ndiponso nkhani yoitsutsa ya Leo Depuydt wa ku Brown University. Kupatsa mpata wotsutsa nkwabwino. Koma ife taona zolakwa zitatu.

Choyamba chikhudza ounika. Mwa akatswiri atatu amene adapatsidwa nkhaniyo mu 2012, aŵiri adakayika. Mtolankhani Ariel Sabar, m'buku lake lotchedwa Veritas la mu 2020, adaonetsa kuti wachitatuyo, amene adavomereza, anali katswiri yemwe adathandizapo kale Mai King kuyesa gumbwalo. Adaonetsanso kuti ena mwa asayansi oyesa inki anali pa chibale kapena pa chibwenzi ndi anthu okhudzidwa, ndipo oŵerenga sadauzidwe. Sitikunena kuti anthuŵa adanama. Koma mboni imene ili mbale wa mwini mlandu iyenera kudziulula, kuti bwalo lidziŵe kulemera kwa mau ake.

Chachiŵiri nchakuti adafunsa funso lolakwika. Asayansi adapeza kuti gumbwalo nlakale ndithu, la zaka za pakati pa 600 ndi 900, ngakhale Mai King poyamba ankati la zaka za m'ma 300. Komatu ukale wa pepala sutsimikiza ukale wa zolembedwapo, pakuti gumbwa lakale losalembedwa limagulidwa. Funso lenileni linali lakuti kachidutswako kadachokera kuti, ndipo kadadutsa m'manja mwa yani. Mwini wake adapempha kuti asatchulidwe, mapepala ofotokoza mbiri yake anali zithunzi chabe, ndipo palibe adaŵalondola mpaka kumapeto. Pamenepo nkuti zizindikiro zili poyera kale. Patangopita masiku ochepa chilengezere, Francis Watson wa ku Durham adaonetsa kuti mau ake ngosokedwa kuchokera m'buku la Mthenga wa Tomasi, limene lidapezeka ku Nag Hammadi mu 1945. Andrew Bernhard adapezanso kuti wolembayo adakopera ngakhale chilemba chosoŵa, cholakwa chimene chinali m'kope la bukulo loikidwa pa intaneti mu 2002. Kodi mlembi wakale akadatengera bwanji cholakwa cha pa kompyuta?

Chachitatu ndicho chachikulu. Magazini itangotuluka, Christian Askeland adaonetsa kuti kachidutswa kena ka Mthenga wa Yohane, kochokera kwa mwini yemweyo ndi kolembedwa ndi dzanja lomwelo, kadakoperedwa m'buku la Herbert Thompson la mu 1924. Mu Julayi 2015 magazini ya New Testament Studies idasindikiza nkhani zingapo zotsimikiza chinyengocho. Mu Juni 2016 Sabar, polemba m'magazini ya The Atlantic, adaulula mwini gumbwalo, munthu wokhala ku Florida amene adaphunzirapo za Ejipito wakale ku Berlin, naonetsa kuti mbiri imene adapereka njosadalirika. Mai King eni ake adavomera kuti umboni tsopano ukupendekera ku chinyengo. Koma akonzi adakana kufafaniza nkhaniyo, nati magazini yao siidaimepo mbali iliyonse pa funso lakuti kachidutswako nkenikeni kapena ai.

Yankho limeneli sitingalilandire. Nzoona kuti mkonzi savomereza ganizo lililonse la wolemba, ndipo magazini yosindikiza zokhazo zimene mkonzi agwirizana nazo siithandiza maphunziro. Koma ganizo ndi maziko ake nzosiyana. Akatswiri aŵiri angathe kutsutsana pa tanthauzo la ndime ya Paulo woyera, onse nkukhala olemekezeka, popeza ndimeyo ilipo. Pano chimene chidagwa ndi chinthu chomwecho chimene nkhani yonse idamangidwapo. Mkonzi amene adaika dzina la magazini yake pa nkhaniyo sangasanduke wodutsa m'njira tsiku limene maziko agumuka.

Mwina wina adzati kufafaniza nkhani nkunyazitsa wolemba amene sadaname dala. Augustine woyera adaphunzitsa kuti bodza lili m'cholinga cha kunyenga, ndipo wonena zosaona akuziyesa zoona ngwolakwitsa, osati wabodza. Tikuvomera kuti Mai King adanyengedwa. Koma udindo wokonza sudikira kuti papezeke wabodza. Bungwe la akonzi lotchedwa Committee on Publication Ethics, limene lidayamba mu 1997, limalangiza kuti nkhani ifafanizidwe zikaoneka poyera kuti zopeza zake nzosadalirika, kaya chifukwa cha chinyengo kaya cha kulakwitsa kosafuna. Kufafaniza sikutanthauza kung'amba masamba. Nkhani imakhalapobe, koma pamwamba pake pamalembedwa chenjezo, kuti woipeza patapita zaka makumi aŵiri asasokere. Thomas Aquinas woyera amaika kubweza pakati pa ntchito za chilungamo, ndipo timadziŵa kuti munthu wosunga chinthu cha mwini ayenera kuchibweza ngakhale adachilandira mosadziŵa. Chimene magazini idatenga kwa oŵerenga ndi chikhulupiriro chao. Akulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tiopa kuti mkhate umene udatetezedwa pano ndi dzina la sukulu yotchuka.

Komabe ife ansembe ndi aseminale tisafulumire kusekerera. Nyuzipepala ya L'Osservatore Romano idatcha kachidutswako chinyengo m'mwezi womwewo wa Sepitembala 2012, ndipo idalondola. Koma amene adakakana pa chifukwa chokha chakuti kadaŵaipira m'makutu adalasa mwamwaŵi. Amene adagwetsa chinyengocho ndi anthu oleza mtima oŵerenga chilemba ndi chilemba. Mbiri ya Eklezia itikumbutsanso za chikalata chotchedwa Mphatso ya Constantine, chimene chinkati mfumuyo idapatsa Apapa ulamuliro wa maiko akuzambwe. Chidakhulupiriridwa zaka mazana angapo, mpaka Lorenzo Valla mu 1440 adaonetsa, poyesa Chilatini chake, kuti nchopeka. Chinyengo chimakhalitsa kumene chikukoma kwa ochilandira, ndipo chimakoma kwa okhulupirira monga momwe chimakomera osakhulupirira.

Ambiri mwa oŵerenga athu adzalemba, ena adzaunika zolemba za anzao, ena adzakhala akonzi. Kwa iwo nkhani ya ku Harvard ikupereka malamulo atatu osavuta kuŵatchula. Wounika akhale munthu wopanda gawo pa nkhaniyo, ndipo ngati ali nalo aliulule. Chikalata chosadziŵika gwero lake chisalandiridwe chifukwa cha kukoma kwa zimene chikunena. Ndipo cholakwa chikaoneka, chikonzedwe m'masamba omwewo m'mene chidatulukira, ndi dzina la mkonzi pansi pake. Lamulo lachisanu ndi chitatu limamanga mboni pa tsiku lopereka umboni, ndipo limaimangabe tsiku limene yadziŵa kuti umboni wake udasokeretsa bwalo.