Kambili ndi Mulungu wa Atate Ake

Buku la Purple Hibiscus, limene Chimamanda Ngozi Adichie wa ku Nigeria adatulutsa m'chaka cha 2003, nloyenera kuti wansembe aliyense aliwerenge mofatsa, pakuti nkhanza zimene lisimba zichitikira m'nyumba ya mkhristu wosaphonya Misa. Wosimba nkhani ndi Kambili, mtsikana wa zaka 15 wa mumzinda wa Enugu. Atate ake, a Eugene Achike, ndi munthu wachuma, wothandiza Eklezia ndi amphawi, ndiponso mwini nyuzipepala yodzudzula boma la asilikali mopanda mantha. Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Amenya mkazi wao mpaka kupita padera. Akwapula Kambili ndi lamba chifukwa adadya pang'ono Misa ili pafupi kuti amwere mankhwala. Amthira madzi owira kumapazi chifukwa adagona nyumba imodzi ndi agogo ake osabatizidwa.

Tsono bala lalikulu la Kambili si lapathupi ai. Atate ake adakhala pamalo pa chikumbumtima chake, kotero kuti mwanayo sadathe kusiyanitsa kufuna kwao ndi kufuna kwa Mulungu. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, mu Gaudium et Spes ya 1965, uphunzitsa kuti chikumbumtima ndi malo oyera kumene munthu akumana yekha ndi Mulungu. Wolanda malo amenewa walanda umunthu wa mnzake. Nchifukwa chake Kambili achita chibwibwi, saseka, ndipo ayesa mawu ake onse pa muyeso umodzi: kodi atate akondwera?

Kuno ku Phalombe tidziwa kuti Nyanja ya Chilwa ilandira madzi a mitsinje ngati Phalombe, Sombani ndi Likangala, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Motero madzi ake ali ndi mchere, ndipo mvula ikachepa iphwa, monga mu 1968 ndi mu 1995. Mtima wa mwana wongolandira zowawa osazitula kwa munthu uli chimodzimodzi.

Kambili apeza potulira ku Nsukka, kwa azakhali ake a Ifeoma, mphunzitsi wa pa yunivesite. M'nyumba yosauka imeneyi Korona apemphera ndithu, koma ana aloledwa kufunsa ndi kutsutsa. Kumeneko aona agogo ake m'mamawa akupempherera mwana yemweyo amene awatcha akunja. Kumenekonso Bambo Amadi amfunsa mafunso nadikira kuti ayankhe. Pambuyo pake, atate atang'amba chithunzi cha agogowo, Kambili agwa pansi nafungatira zidutswa zake, ngakhale kuti kumenyedwako kumfikitsa kuchipatala. Apa ndipo asankha yekha koyamba. Luso la Adichie lili poti mtsikanayu sataya chikhulupiriro kuti adzipeze. Angozindikira kuti nkhope ya Mulungu si ya atate ake.

Komabe buku silitinamiza. Nkhanza zitha ndi tchimo lina: mai athira chiphe m'tiyi wa mwamuna wao, ndipo Jaja, mlongo wa Kambili, adzipereka kundende m'malo mwao. Chofooka chake nchakuti chikondi cha Kambili kwa Bambo Amadi mlembi achipeputsa. Aseminale akumbuke kuti mwana wovulala amamatira aliyense womuwonetsa chifundo, ndipo udindo wosunga malire uli kwa wansembe.

Munthu woyenera kutiopsa koposa m'bukuli ndi Bambo Benedict, amene atamanda a Eugene pa guwa pamene mai ndi ana ali chete pampando. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Koma lamulo silimva mwana amene sadaphunzire kulankhula. Mu 1992 aepiskopi athu adalankhula m'kalata ya nyengo ya Lenti pamene dziko lonse lidali ndi mantha. Kulimba mtima komweko kufunika m'kanyumba kolapira, m'miphakati ndi m'madoko a asodzi. Mai kapena mtsikana akabwera ndi mawu oduka-duka, tisafulumire kumuuza kuti banja nkupirira. Tiyambe tamumva mpaka atsirize, ndipo tidziwe kumene tingamperekeze.