Nthambi Zamfotokozi za Chingerezi ndi Mayina a Anthu Othandiza: Ndemanga Yochokera ku Neno Boma

1. Chiyambi

Cholinga cha pepala lino n'kuunika chizolowezi chimodzi chimene chazika mizu pakati pa omasulira, olemba mabuku a sukulu ndi olemba zidziwitso za m'maofesi. Chizolowezicho n'chakuti paliponse pamene Chingerezi chafotokoza munthu ndi nthambi yoyamba ndi "who", womasulira amaikapo "munthu amene" kapena "munthu yemwe", ndipo amaona ngati ntchito yatha. Ife tikuti mchitidwe umenewu, ngakhale suphwanya lamulo lililonse la galamala, umataya kusiyana kumene Chichewa chimasunga pakati pa udindo wa munthu, ntchito imene amadziwika nayo, ndi chinthu chimene adangochita tsiku lina.

Zitsanzo zathu tazikhazika pa Neno Boma. Neno lidakhala boma palokha mu 2003 litapatulidwa ku Mwanza, ndipo kuyambira mu 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo pachipatala chachikulu, ku Lisungwi ndi m'midzi. Malo otere amalandira ntchito zatsopano zokhala ndi mayina a Chingerezi, ndipo dzina lililonse limafuna kufotokozedwa kwa anthu m'Chichewa. Ziganizo zonse zili m'munsimu tazipanga tokha, potsata mayankhulidwe a pamsika ndi pachipatala.

2. Mmene Chingerezi chimafotokozera wothandiza

Taonani zitsanzo izi:

(1) A nurse is a person who cares for the sick.
(2) the man who repairs bicycles
(3) the woman we fetch water for

Mu (1) nthambi yamfotokozi ikutanthauzira dzina la udindo. Mu (2) nthambiyo yalowa m'malo mwa dzina lenilenilo. Mu (3) mlowam'malo wamgwirizano palibe, ndipo mperekezi "for" watsala yekha kumapeto. Edward Keenan ndi Bernard Comrie adaonetsa mu 1977 kuti ziyankhulo zimasiyana pa malo a m'chiganizo amene zingamangepo nthambi yotere: mwininkhani ndiye wosavuta, kenaka pamtherankhani, kenaka dzina lotsatira mperekezi. Chingerezi chimafika pamalo onsewa ndi kamangidwe kamodzimodzi. N'chifukwa chake wophunzira wake amazolowera kuganiza kuti njira yofotokozera munthu ndi imodzi yokha.

3. Njira zitatu za Chichewa

Chichewa chili ndi njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi katundu wake.

Yoyamba ndi dzina lopangidwa kuchokera ku mneni poika m- kumayambiriro ndi -i kumapeto: mlangizi, mlembi, mphunzitsi, mthandizi. Dzina lotere limaloza udindo wokhazikika. Mlangizi wa zaumoyo amakhalabe mlangizi ngakhale ali kumaliro kapena kumunda.

Yachiwiri ndi ya wo-, amene adachokera ku wa ndi ku- wa mneni: wa kugulitsa adasanduka wogulitsa. Umboni wa chiyambi chimenechi umaoneka pa aneni a tsinde lalifupi, pamene timati wakuba, wakupha. Njira imeneyi siloza nthawi. Imangotchula ntchito imene munthu amadziwika nayo. Mnzake wapafupi ndi wa- wotsatidwa ndi dzina: wachigayo, wakabaza, wamakala.

Yachitatu ndi nthambi ya -mene kapena -mwe, imene imanyamula nthawi ya mneni ndi zina zonse za chiganizo chathunthu.

Kusiyana kwake kukuoneka apa:

(4a) mthandizi wa dokotala
(4b) wothandiza odwala
(4c) amene adathandiza wodwala uja dzulo

Awa akhoza kukhala anthu atatu osiyana: wolembedwa ntchito, wodzipereka wa m'mudzi, ndi wapaulendo amene adangoima panjira. Tsono womasulira akatenga (2) n'kulemba "bambo amene amakonza njinga", wanena zoona, koma wasiya "wokonza njinga", dzina limene munthu aliyense pamsika wa Neno angatchule. Chimodzimodzi "mayi amene amagulitsa manachesi" ndi njira yotalika yonenera "wogulitsa manachesi". Choipa kwambiri chimachitika pamene Chichewa chili kale ndi liwu lakelake. Wachibale amene amagona pachipatala kuti aziphikira ndi kusambitsa wodwala timamutcha wodwazika matenda. Kumutcha "munthu amene amayang'anira wodwala" n'kumusakaniza ndi namwino ndi sing'anga, pakuti nawonso amayang'anira odwala.

4. Wothandizidwa ali m'kati mwa mneni

Pofotokoza munthu wothandiza, funso lalikulu n'lakuti akuthandiza yani. Chingerezi chimayankha ndi mperekezi, monga mu (3). Chichewa chimayankha ndi msintho wa mneni wa -ir- kapena -er-, pamodzi ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani:

(5) mayi amene timawatungira madzi
(6) wotilembera kalata
(7) womutengera mankhwala

Sam Mchombo, m'buku lake la 2004 lonena za kamangidwe ka ziganizo za Chichewa, adafotokoza kuti dzina lofotokozedwa likakhala pamtherankhani, mneni wa m'nthambiyo akhoza kulikumbutsanso ndi mgwirizanitsi, monga -wa- mu (5). Chingerezi cholembedwa sichilola chikumbutso chotere. Motero mawu amodzi a mu (7) akunena za anthu awiri ndi ubale wawo. Womasulira wotsata Chingerezi liwu ndi liwu amalemba "munthu amene amatenga mankhwala a wodwala", ndipo chiganizo chimenechi chikhozanso kunena za mbala.

5. Mpatuliro ndi kamvekedwe ka mawu

Pali vuto lina limene limakhudza ufulu wa anthu mwachindunji. Chingerezi cholembedwa chimasiyanitsa nthambi yosankha ndi nthambi yongowonjezera pogwiritsa ntchito mpatuliro:

(8a) Volunteers who visit patients will receive bicycles.
(8b) Volunteers, who visit patients, will receive bicycles.

Mu (8a) njinga zikupita kwa ena okha. Mu (8b) zikupita kwa onse. Zonse ziwiri zimamasuliridwa kawirikawiri ndi chiganizo chimodzi:

(9) Anthu odzipereka amene amayendera odwala adzalandira njinga.

M'mayankhulidwe kusiyanaku kulipo. Mneni wa m'nthambi yamfotokozi amakwera mawu pa mgwirizanitsi wake woyamba, ndipo nthambi yongowonjezera imatchulidwa mopatukana ndi dzina lake, wolankhula atatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa dzinalo. Kutalikitsa kotere pamathero a gulu la mawu adakufotokoza bwino Laura Downing ndi Al Mtenje m'buku lawo la 2017 la kamvekedwe ka Chichewa. Koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera kwa mawu ngakhale kutalika kwa phatikizo, ndipo chidziwitso chambiri chimafika kwa anthu chikuwerengedwa mokweza ndi mlembi wa mfumu kapena wa tchalitchi, amene sadaone Chingerezi chake. Mpatuliro wokopedwa ku Chingerezi sungadaliridwe pamenepo. Mankhwala ake ali m'Chichewa momwemo:

(10a) Mwa anthu odzipereka, okhawo oyendera odwala ndiwo adzalandire njinga.
(10b) Anthu onse odzipereka adzalandira njinga. Iwowa ndiwo amayendera odwala.

6. Pamene "amene" ali woyenera

Tisamveke ngati tikuthamangitsa "amene". Pamene nthawi ili yofunika, monga mu (4c), wo- sangagwire ntchito. Pamenenso munthu wofotokozedwayo sali wochita koma wochitiridwa, ndipo wochitayo watchulidwa, monga mu (5), nthambi yathunthu ndiyo yachibadwa. Chimene tikutsutsa ndi kusankha "amene" popanda kufunsa ngati mawuwo akunena za udindo, za ntchito, kapena za chochitika.

7. Kwa okonza za chiyankhulo

Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidasiya malamulo a kalembedwe amene adaunikidwanso mu 1980 ndi mu 1990. Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwake mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito zimenezi zidayang'ana kwambiri kalembedwe ndi matanthauzo a mawu, ndipo womasulira amafunanso chitsogozo pa kamangidwe ka chiganizo. Kusowaku kudakula mu 2014, pamene Unduna wa Maphunziro udalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, pakuti mwana wozolowera tanthauzo loyamba ndi "a person who" adzalibweretsa m'Chichewa chake cholemba.

Tikupereka maganizo atatu. Choyamba, dzina la ntchito yatsopano lifunidwe poyamba pakati pa mayina a m- ndi -i ngati ntchitoyo ili ya malipiro ndi yokhazikika, ndi pakati pa mayina a wo- ngati ili yodzipereka. Chachiwiri, pomasulira nthambi yokhala ndi "for", womasulira ayambe wayesa msintho wa -ir- kapena -er- asanaganize za njira ina. Chachitatu, chidziwitso chilichonse chogawa katundu, ndalama kapena ntchito chizikhala ndi "okhawo" kapena "onse" wolembedwa poyera, ndipo chiziwerengedwa mokweza kwa munthu wosadziwa Chingerezi chisanakhomedwe pakhoma.