Boma litachoka pa sikelo: kuunikanso lipoti la Berg

Mu 1981 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inatulutsa lipoti lokhudza chuma cha maiko a kumwera kwa Sahara, lomwe limadziwika ndi dzina la amene anatsogolera kulilemba, Elliot Berg. Mfundo yake inali yosavuta kumva: maboma a mu Africa alowerera kwambiri m'misika, mabungwe awo ogula mbewu akudyera alimi masuku pamutu, choncho boma lipatuke kuti amalonda apikisane. Ndikufuna kuyesa mfundoyi ndi zomwe zinachitikira chimanga cha ku Malawi, chifukwa ndi pa mtengo wa chimanga pamene timaonera ngati maganizo a akatswiri ali oona.

Pali zomwe lipotili linanena zoona. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, inkagula fodya, thonje ndi mtedza kwa alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, n'kukagulitsa kunja pa mtengo wabwino. Phindu lambiri linkapita ku maesiteti ndi kumakampani oyandikana ndi akuluakulu a boma la Kamuzu Banda. Lamulo linkaletsanso mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa burley, kuti maesiteti asasowe matenanti. Chiletsochi chitachotsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mabanja ambiri anayamba kugwira ndalama zomwe kale ankangoziona kwa mabwana. Pamenepa kumasula msika kunathandizadi.

Chomwe ndimatsutsa ndi chikhulupiriro choti boma likangochoka, wamalonda afika. Mu 1987 amalonda analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika yambiri ya ADMARC ya kumidzi inatsekedwa chifukwa sinkabweza ndalama. Koma chomwe chinkaipangitsa kusabweza ndalama ndi chomwenso chinaletsa amalonda kupitako: misewu yoipa, mtunda wautali, alimi ogulitsa thumba limodzi kapena awiri. Kumene kunafika venda, kawirikawiri ankafika yekha ndi sikelo yake. Wogula akakhala mmodzi palibe mpikisano, ndipo mlimi wofuna ndalama ya fizi kapena ya mankhwala amagulitsa pa mtengo uliwonse mu Meyi, n'kudzagulanso chimanga chomwecho mokwera mu Januwale.

Maganizo a lipotili ankaonanso mabungwe onga ADMARC ngati ogula basi, pamene kwa anthu ambiri ADMARC inali wogulitsa. Mabanja ochuluka a kumidzi sakolola chakudya chofika chaka chonse. Nkhokwe ikatha, amapita ku ganyu kuti apeze ndalama yogulira chigoba cha chimanga. Kwa iwo, kukwera kwa mtengo wa chimanga komwe akatswiri ankati kulimbikitsa ulimi kumatanthauza kugona ndi njala. Ku Zambia izi zinaonekera poyera mu Disembala 1986, pamene kukweza mtengo wa ufa kunabutsa zipolowe ku Copperbelt, ndipo mu Meyi 1987 Kenneth Kaunda anasiya ndondomeko ya IMF.

Phunziro lowawa kwambiri linabwera mu 2002. Zaka zochepa m'mbuyo mwake, thandizo la boma pa mtengo wa feteleza linali litachotsedwa, ndipo kwacha inali itagwa mphamvu kuchokera pomwe inamasulidwa mu 1994. Kenako IMF inalangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chichepetsedwe pofuna kubweza ngongole. Omwe ankayang'anira nkhokwezo anagulitsa pafupifupi chonse, m'njira zomwe zinadzutsa mafunso a katangale. Zokolola za 2001 zitachepa, mtengo unakwera kangapo konse, anthu anadya gaga ndi mizu, ndipo ambiri anamwalira. Mlanduwu uli pawiri: alangizi omwe anawerengera ngongole osawerengera chilala, ndi atsogoleri athu omwe anaona nkhokwe ya dziko ngati malonda awo.

N'chifukwa chake sindigwirizananso ndi omwe amangoti tibwerere ku boma lochita zonse. Makuponi a feteleza omwe Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005, opereka thandizo ena asakufuna, anathandiza kuti dziko likolole zambiri, mpaka mu 2007 Malawi inagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Koma walira mvula walira matope: pologalamuyi inadya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, makuponi ena anathera m'manja mwa mavenda, ndipo andale anaisandutsa nyambo ya mavoti. ADMARC nayo inkafika mochedwa pa msika, ndalama zili zochepa, mavenda atagula kale, mpaka inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso.

Cholakwika chachikulu cha lipoti la Berg, m'kuona kwanga, chinali kufunsa kuti boma likhale lalikulu bwanji, m'malo mofunsa kuti ligwire ntchito ziti. Msika wa chimanga umafuna zinthu zomwe wamalonda aliyense sangapange yekha: msewu wofika kumudzi, masikelo oyesedwa ndi boma, nkhokwe ya dziko yomwe mabuku ake ali poyera, ndi malamulo a malonda a kunja osasintha usiku umodzi. Zonsezi ndi ntchito za boma, ndipo ndi zomwe zinanyalanyazidwa, m'nthawi yomwe boma linkagwira chilichonse komanso m'nthawi yomwe linauzidwa kuti lichoke.