Mbee, Bii, Psuu: Utoto pa Nkhope ya Gule

Madzulo ena ndinaima pabwalo m'mudzi wina ku Dedza, ng'oma zitakolera, fumbi lili koboo. Chilombo cha Gule chotchedwa Simoni chinatulukira chakumadzulo, nkhope yake ili psuu ngati tsabola wakupsa, ndipo amayi oimba anabwerera m'mbuyo akuseka. Dzuwa litapendeka kwambiri chinthu china chinandigwira mtima. Nkhope yofiira ija inayamba kuzilala mpaka kuoneka yakuda, pamene mizere yoyera ya m'maso ndi mano inkaonekabe bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo ndimakhulupirira kuti aluso akudambwe amadziwa za diso la munthu kuposa ambiri a ife amene tinapita kusukulu.

Asayansi amati m'diso muli tizigawo ta mitundu iwiri: tina timagwira ntchito kukawala n'kumasiyanitsa mitundu, tina timadzuka kukamada koma sitimva kufiira. Jan Purkinje, katswiri wa ku Bohemia, ndiye anafotokoza zimenezi zaka pafupifupi 200 zapitazo, ataona kuti m'bandakucha maluwa ofiira amaoneka akuda. Taganizani tsono za Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cholukidwa ndi makoko oyera a chimanga. Pa mwezi kapena kukamacha, thupi lake lonse limaoneka mbuu, likuyenda ngati mzimu weniweni. Akanachipaka chofiira, mdima ukanachimeza. Amene anasankha makoko aja anali ataona bwino lomwe chimene usiku umachita ndi mitundu.

Chichewa chathu chimachitira umboni nkhaniyi. Tili ndi mawu atatu akale amene amagwira ntchito ngati aneni: kuyera, kuda ndi kufiira. Chikasu tinabwereka ku muzu wa chomera, buluu ndi mlendo wa dzana. Mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay, atayerekeza zilankhulo zambiri, anapeza kuti chilankhulo chikakhala ndi mawu atatu okha a mitundu, amakhala omwewa. Victor Turner nayenso anapeza mitundu itatu yomweyi pakati pa miyambo ya Andembu ku Zambia. Kwa ife mawuwa analowerera mpaka mumtima. Wokhutira amati kukhosi kwayera, wokhumudwa amati kwada, ndipo munthu wofiira maso timam'patukira. Choncho Chadzunda akalowa m'bwalo ndi nkhope yake yakuda bii, yamakwinya, mano ali apo ndi apo, woonera safunika womasulira. Ukulu, ukalamba ndi mantha zafika kale iye asanavine. Simoni amanyoza mlendo wopsa ndi dzuwa, koma kufiira komweko ndi kwa magazi ndi moto, n'chifukwa chake anthu amaseka uku akutalikira.

Mbiri ya utotowu inalembedwa pamiyala ya Chongoni, pamene pali malo 127 a zojambula zakale, omwe UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, zambiri mwa izo mizere ndi zozungulira, zimatchulidwa kuti n'za Akafula. Zoyera, zopakidwa ndi chala, n'za alimi Achichewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Ukayandikira mwala umaona kusiyana kwake. Chofiira, chochokera ku dothi lokhala ndi dzimbiri la chitsulo, chinalowerera ngati kuti mwalawo unabadwa nacho. Choyera chimakhala pamwamba, chokhuthala, ndipo pena chayamba kugumuka. Chakale ndicho chikuoneka cholimba, chatsopano ndicho chili pangozi.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa. Nkhope zambiri zimene zikugulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi kunyanja masiku ano zapakidwa penti wamafuta wa m'sitolo, wonyezimira, mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi pankhope imodzi. Sindikudana ndi penti. Gule ndi wamoyo, wakhala akumeza zatsopano kuyambira kale, ndipo ku Chamare Museum ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa nkhope zoposa 400, mumapezeka zachikasu, zapinki ndi zobiriwira zimene zimalankhula bwino ndithu. Vuto ndi kunyezimira ndi kuchulukitsa. Utoto wa dothi, mwaye ndi phulusa umameza kuwala, ndipo umalola makwinya amene mpeni unasema kuti aoneke, mthunzi ukhale m'maenje a masaya. Penti wonyezimira amabweza dzuwa, n'kufafaniza ntchito yonse ya wosema. Nkhope ya nkhalamba imasanduka yosalala ngati mbale yatsopano. Mitundu ikachuluka diso limasowa poima. Munthu amayamikira kukongola, koma osadziwa ngati chilombocho chikumuchenjeza, chikumuseka kapena chikumulira.

Nkhope yabwino imayesedwa ndi mtunda, fumbi ndi kulowa kwa dzuwa, chifukwa woonera amakhala kutali ndipo chilombo sichiima malo amodzi. Inu amene mumasema ndi kupaka, musanatsegule chitini chachitatu cha penti, kaimikeni nkhopeyo kutsidya kwa bwalo madzulo, mubwerere m'mbuyo mapazi makumi atatu, muone ngati ikukuuzanibe dzina lake.