Kodi Wotumidwa Ali ndi Mlandu?

Anzathu ophunzira, tsopano tadziwa malembo. Tikhoza kuwerenga kalata ya mbale wathu, cikwangwani ca pamseu ndi mtengo wa feteleza. Koma kuwerenga kuli ndi nchito inanso. Buku la nkhani litiika pabwalo la milandu, ndipo ife owerenga tikhala oweruza. Kanema nayenso acita cimodzimodzi.

Nthano za agogo zinali zosavuta kuweruza. Fisi ndi wadyera, ndipo dyera lake limugwetsa m'mbuna. Nthano ikatha, mwana aliyense adziwa amene walakwa. Mabuku ndi makanema ena sali conco. Ationetsa munthu amene waima pamphambano, ndipo njira zonse ziwiri zili ndi minga. M'phunziro ili tiona anthu atatu otere: mnyamata, nkhalamba ndi msilikali. Onse atatu ndi a m'nkhani za dziko lathu la Moçambique.

Mlembi woyamba

Luís Bernardo Honwana anabadwa mu 1942 ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, ndipo anakulira ku Moamba. Mu 1964, akali mnyamata, anatulutsa buku la nkhani 7 m'Cipwitikizi. Dzina la bukulo ndi Nós Matámos o Cão-Tinhoso. M'cinenero cathu tinganene kuti "Ife tinapha galu wa mphere". Caka comweco apolisi a atsamunda, a PIDE, anamugwira, nakhala m'ndende zaka 3. Mu 1969 bukuli linatuluka m'Cingerezi ndipo linawerengedwa m'maiko ambiri a mu Afirika. Ufulu utabwera mu 1975, Honwana anagwira nchito mu ofesi ya Pulezidenti Samora Machel, ndipo pambuyo pake anakhala nduna yoona za cikhalidwe.

Mnyamata ndi galu

Nkhani yoyamba ya m'bukuli ikambidwa ndi mwana wa sukulu, dzina lake Ginho. M'tauni yao muli galu wokalamba, wa zilonda thupi lonse ndi maso obiriwira ngati thambo. Agalu anzake amuthawa. Anthu anyansidwa naye. Amene amukonda ndi mtsikana mmodzi, Isaura, amene amugawira kamba wake wa kusukulu.

Tsiku lina Administrador, mkulu wa boma la atsamunda, anena kuti galuyo aphedwe. Iye mwini sagwira mfuti. Lamulo lipita kwa dotolo wa ziweto. Dotolo alipereka kwa Senhor Duarte, wanchito wake. Senhor Duarte aitana anyamata a sukulu, nawauza kuti akatenge mfuti za atate ao. Motero lamulo la munthu wamkulu lifika m'manja mwa ana.

Ginho safuna kuti galuyo afe. Koma aopa Quim, mtsogoleri wa gulu lao, ndipo aopa kusekedwa kuti ndi wamantha. Ndiye amene akoka galu ndi cingwe kupita naye kuthengo. Ndiyenso amene auzidwa kuombera poyamba. Isaura afika nakumbatira galuyo, koma acotsedwapo, ndipo mfuti zilira. Pambuyo pake ana abwerera kusukulu, ndipo moyo upitirira ngati palibe cinacitika.

Tsono mlandu uli pa yani? Ena a ife adzati uli pa Administrador yekha, pakuti ndiye analamula, ndipo Ginho anali mwana. Mau amenewa ali ndi nzeru. Amene alamula asenza mbali yaikulu ya mlandu, ngakhale manja ake aoneka oyera. Koma tiyang'anenso dzina la bukuli. Mlembi sanalembe kuti "iwo anapha". Analemba kuti "ife tinapha". Ginho anamvera galuyo cisoni, koma cisoni cake sicinamasule cingwe. Iye adziwa zimenezi, ndipo ndi cifukwa cake nkhaniyi ipweteka. Ife tiona kuti mlandu wa Ginho ndi waung'ono poyerekeza ndi wa akulu aja, koma ulipo ndithu. Lamulo loipa silikadafika pa galu pakadapanda manja olinyamula kucoka pa munthu uyu kufika pa munthu uyo.

Luso la Honwana lili apa: sanena mau akuti utsamunda ngakhale pang'ono pofuna kutiphunzitsa. Angotionetsa mmene lamulo litsikira, ndi mmene mantha agwirira nchito pakati pa ana. Wowerenga aona yekha zotsalazo.

Nkhalamba ndi botolo la vinyo

Nkhani ina ya m'buku lomweli ndi Dina, kunena nthawi ya cakudya ca masana. Madala ndi nkhalamba yodwala m'mimba imene ipalira cimanga m'munda wa mzungu. Dzuwa laswa mtengo, msana wauma, koma sangawerame n'kudzuka kapitawo asanalole. Nthawi ya cakudya itakwana, afika Maria, mwana wamkazi wa Madala. Kapitawo amutengera m'cimanga nagona naye, ndipo Madala aona. Anchito anzake nawonso adziwa zimene zacitika.

Anyamata a pamundapo akwiya. Ayang'ana kwa Madala, kudikira kuti anene mau amodzi kuti iwo aukire. Kapitawo atamva kuti mtsikanayo ndi mwana wa Madala, apatsa nkhalambayo botolo la vinyo. Madala alandira, namwa onse akuona. Anyamata akhumudwa namunyoza, ndipo anthu abwerera kukapalira.

Pa nkhani iyi timagawikana. Acinyamata ambiri adzati Madala anagulitsa ulemu wa mwana wake ndi vinyo. Akuluakulu amene akumbukira cibalo, asipayi ndi mbalamatodya adzayankha mwina. Adzati: kapitawo akadaphedwa tsiku limenelo, mawa lake kukadafika mfuti za boma, ndipo akadafa ndi anyamata omwewo. Mwina Madala anameza manyazi ake kuti ana a eni akhale ndi moyo. Mlembi satiuza zimene zinali mumtima mwa nkhalambayo pamene inali kumwa. Asiya mlanduwo m'manja mwathu.

Ife tifuna kuonjezapo funso limene owerenga ambiri alidumpha. Anchito anali ambiri, ndipo kapitawo anali mmodzi. Cifukwa ninji onse anasenzetsa katundu yense nkhalamba imodzi yodwala? Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Anyamata aja anaona ndevu zilikupsa, koma anadikira kuti mwini ndevu ayambe wapempha madzi. Kunyoza Madala kunali kosavuta kuposa kuima naye.

Palinso pamene nkhaniyi iperewera. Amene analakwiridwa koposa onse ndi Maria. Koma maso a nkhani ali pa manyazi a atate wake ndi pa mkwiyo wa amuna. Za mumtima mwa Maria timva zocepa. Amai a m'kalasi muno ali ndi ufulu wofunsa kuti: nanga nkhaniyi ikadakambidwa ndi Maria, ikadamveka bwanji?

Msilikali ndi sitima

Nkhani yacitatu ndi ya nthawi ina. Licínio Azevedo anabadwira ku Brasil, nabwera ku Moçambique ufulu utangobwera, ndipo anagwira nchito ku Instituto Nacional de Cinema. Analemba buku la Comboio de Sal e Açúcar, ndiye kuti "Sitima ya mcere ndi shuga". Mu 2016 anatulutsa kanema wa dzina lomwelo, amene anaonetsedwa koyamba ku Locarno, m'dziko la Suíça. Mu 2017 kanemayu analandira mphotho yaikulu pa cionetsero ca makanema ca Carthage, ku Tunísia.

Nkhani yake icitika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pakati pa ife tokha ili mkati. Sitima ya pamtunda inyamuka ku Nampula kulowera kumalire a Malawi. Okweramo ambiri anyamula mcere wa kunyanja kuti akasinthanitse ndi shuga, pakuti kwao shuga anasowa. Njanji yaonongedwa m'malo ambiri. Sitima iyenda pang'onopang'ono, iima, anthu atsika nakonza njanji, ndipo mdani aombera ali m'thengo. M'sitimamo muli asilikali a boma amene nchito yao ndi kuteteza anthu. Mkulu wao ndi Sete Maneiras, munthu wokhulupirira mankhwala ndi mizimu. Mulinso Rosa, namwino wacitsikana amene alikupita kukayamba nchito, ndi Mariamu, mai wamalonda wozolowera ulendowu.

Pakati pa asilikali pali awiri osagwirizana. Salomão aganiza kuti popeza amenya nkhondo, zonse za m'sitima ndi zake, ngakhale akazi a eni. Taiar, tenente wophunzira, akhulupirira kuti msilikali ndi wanchito wa anthu. Okwera sitima aopa mdani wa kuthengo, koma aopanso owateteza.

Apa mlandu wasintha nkhope. M'nkhani za Honwana wopondereza anali mtsamunda. M'kanema uyu wopondereza ndi mwana wa dziko lomweli, wovala yunifomu ya boma lathu. Taiar aima pamphambano. Akatsutsana ndi Salomão, agawa asilikali pamene mdani ali pafupi, ndipo sitima yonse ingathe kuonongeka. Akakhala cete, ndiye kuti walola coipa cimene anatumidwa kudzaletsa. Iye asankha kutsutsa. Mwa anthu atatu amene tawaona, Taiar yekha ndiye akana.

Tisafulumire kunena kuti Taiar aposa Ginho ndi Madala. Taiar anali ndi mfuti ndi udindo. Ginho anali mwana. Madala anali ndi khasu lokha. Poweruza munthu, tiyambe tafunsa kuti m'manja mwake munali ciani. Amene anapatsidwa mphamvu zambiri, kukhala cete kwake kulemeranso kwambiri.

Kanemayu ndi wolimba mtima, pakuti aonetsa poyera zimene anthu ankangonong'onezana. Koma pa luso sapambana Honwana. Salomão ndi woipa kuyambira paciyambi, ndipo Taiar ndi wabwino kuyambira paciyambi. Woonera savutika kusankha mbali, monga mmene sitivutikira pa nthano ya Fisi. Ndiponso mdani akhala wobisika nthawi zambiri. Ife tidziwa kuti ambiri a iwo amene anali kuthengo anali anyamata ogwidwa m'midzi ndi kukakamizidwa kunyamula mfuti. Iwonso anali otumidwa. Mlandu wao ndi wovuta kuposa wa Salomão, ndipo kanemayu saufika.

Ife a ku Lifidzi

Nkhani izi zinacitikira kutali ndi Angónia, ziwiri kumwera ndi imodzi kumpoto. Koma mafunso ake ndi a kwathu kuno. Agogo athu anaona nyakwawa ilikulemba maina a anthu opita ku cibalo cifukwa boma lalamula. Makolo athu anaona nkhondo. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Ciyezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, naphedwa. M'zaka zotsatira midzi yambiri inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Panafika nthawi imene dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo a ku Moçambique pafupifupi 1 miliyoni.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mwezi womwewo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya m'nkhondo. Anthu anabwerera kumidzi yao. Amene ananyamula mfuti, amene anasenzetsedwa katundu, amene analoza nyumba ya mnzake cifukwa ca mantha, ndi amene anataya mwana, onse anayambanso kutunga pacitsime cimodzi. Lamulolo linathandiza kuti mfuti zikhale cete. Koma silinayankhe funso la mumtima lakuti: kodi ndikadacita mwina?

Pamenepa ndi pamene buku ndi kanema zitithandiza. Pabwalo la mfumu sitinganene dzina la mnansi wathu popanda kudzutsa cidani. Koma za Ginho, za Madala ndi za Taiar tikhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa, ndipo palibe amene apita kwao ndi cilonda. Pokangana za iwo tiphunzira kuyesa mlandu ndi miyeso itatu. Woyamba: analamula ndani? Waciwiri: wotumidwayo anali ndi mphamvu yotani yokanira? Wacitatu: anthu ena amene analipo anacita ciani?

Miyeso iyi ndi ya masiku onse. Mlembi wa pamsika angauzidwe ndi mkulu wake kuti apotoze sikelo ya mbatata. Mphunzitsi angaone mnzake alikuvutitsa mtsikana wa sukulu. Mwana angatumidwe kukanena bodza. Aliyense wa iwo wagwira cingwe ca Ginho m'manja.

Mabuku awa analembedwa m'Cipwitikizi. Tipemphe aphunzitsi athu ndi ana athu odziwa cineneroco kuti atiwerengere ndi kutimasulira m'Cinyanja. Tikamva, tisangoti nkhani yakoma. Tikhale pansi, tiweruze, ndipo aliyense apereke cifukwa ca ciweruzo cake.

Mafunso okambirana

1. Lamulo lopha galu linadutsa m'manja mwa anthu angati lisanafike kwa Ginho? Ndani mwa iwo akadatha kuliimitsa mosavuta?
2. Kodi Madala anacita bwino kumwa vinyo? Akulu ayankhe paokha, acinyamata paokha, kenaka tiyerekeze mayankho.
3. Anchito anzake a Madala akadacita ciani osadikira mau ake?
4. Cifukwa ninji kukhala cete kwa Taiar kukadakhala koipa kuposa kwa Madala?
5. Lembani ziganizo zisanu zofotokoza nkhani ya Dina monga mmene Maria akadaikambira.